Lachitatu, nditadzuka ndi shuga wa 10.4

Ndinadzuka 5 koloko isanakwane, kukhosi kuli gwa ndi ludzu, ndipo ndisanabaye n'komwe chala ndinali nditadziwa kale zimene kachipangizo koyezera shuga kandiuze. Kanalemba 10.4. Adokotala anandiuza kuti m'mawa ndisanadye kanthu shuga wanga azikhala pakati pa 4.4 ndi 7.2 mmol/L, womwe ndi muyeso umene bungwe la American Diabetes Association limalangiza kwa akuluakulu ambiri odwala shuga, choncho nambala ya lero inali itapitirira kwambiri. Sindinadabwe nayo. Usiku wa dzulo, onse m'nyumba atagona, ndinaima kukhitchini osayatsa ngakhale nyale, ndipo pasanathe ola limodzi ndinali nditamaliza paketi ya mabisiketi, zidutswa zisanu za buledi zopaka jamu, mpunga wozizira umene unatsala madzulo, ndi chigawo chachikulu cha keke imene tinasungira ana. Kukoma ndinakumva pa bisiketi yoyamba ndi yachiwiri basi. Zotsalazo ndinangomeza mothamanga ngati pali wina amene akubwera kudzandilanda, ndipo ngakhale mimba itayamba kupweteka, dzanja linkapitabe lokha kukatenga china.

Ganizo loyamba limene linandifikira nditaona nambalayo ndi lomwe lakhala likundifikira zaka zonsezi, lakuti lero usadye m'mawa, masana udye masamba okha, ubweze zimene unawononga. Ganizo limeneli limamveka lanzeru ndiponso lachilungamo, chifukwa munthu wolakwa amafuna kulipira mlandu wake, koma ndaphunzira movutikira kuti ndilo khomo limene usiku wina wonga wa dzulo umalowera. Ndinakhala pampando kwa mphindi zingapo ndikulimbana nalo, kenaka ndinawiritsa mazira awiri, ndinaphika kaphala ka oti, ndinamwa tiyi wopanda shuga pamodzi ndi mankhwala anga, ndipo ndinadya zonse nditakhala pansi ngakhale kuti mtima sunkafuna n'pang'ono pomwe.

Ndisanapite kuntchito ndinatsegula kope limene ndimalembamo zimene ndadya, nthawi yake, kumene ndinali ndi mmene mumtima munalili, kuti ndilondole phazi la dzulo kuchokera pachiyambi. Sizinayambire kukhitchini usiku ayi. Zinayamba masana, pamene ndinadumpha nkhomaliro chifukwa cha msonkhano umene unatalika, ndipo kunena zoona ndinakondwera kuti ndapeza chifukwa chosadyera, popeza nambala za Lolemba sizinandisangalatse. Koma ine ndimamwa mankhwala a mitundu iwiri. Metformin amachepetsa shuga amene chiwindi chimatulutsa, ndipo payekha si kawirikawiri kutsitsa shuga mopitirira muyeso, pamene gliclazide amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Cha m'ma 4 koloko manja anayamba kunjenjemera, thukuta lozizira linatuluka pamphumi, mtima unkagunda mofulumira, ndipo nditayeza ndinapeza 3.6, pamene nambala iliyonse yochepera pa 3.9 imatanthauza kuti shuga watsika. Lamulo lake ndimalidziwa bwino: kumwa kapena kudya magalamu 15 a shuga wolowa msanga m'magazi, monga theka la kapu ya juwisi, kudikira mphindi 15, n'kuyezanso. Koma njala ya shuga wotsika simvera magalamu, imangokuwa ngati nyumba ikupsa. Ndinamwa botolo lonse la chakumwa chotsekemera n'kuwonjezapo chokoleti, ndipo nditatsitsimuka mawu aja anabwera akuti tsiku lawonongeka kale. Madzulo ndinadzilanga ndi kambale ka masamba okha, ndinakagona m'mimba mukulira, tulo sitinabwere, ndipo mapeto ake ndi amene ndalemba pamwambapa.

Ndikaona mzere umenewu papepala ndimakumbukira zimene mlangizi wanga anandifotokozera za kafukufuku amene wasayansi Ancel Keys anatsogolera ku University of Minnesota mu 1944 ndi 1945. Amuna 36 athanzi anadzipereka kuti kwa masabata 24 azipatsidwa pafupifupi theka la chakudya chimene ankadya kale, mpaka anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Anthu amenewa sanali ndi vuto la kadyedwe chiyambire, koma maganizo awo anadzaza ndi chakudya usana ndi usiku, ena anayamba kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe, ndipo ataloledwa kudya momasuka ena ankadya mpaka kudwala akumvabe kuti sanakhute. Njala yanga ya tsiku limodzi singafanane ndi yawo, komabe nkhaniyo inandichotsera katundu amene ndinamusenza nthawi yaitali, chifukwa inandionetsa kuti thupi likamanidwa limabwezera, ndipo silifunsa kaye ngati mwini wake ndi munthu wodziletsa kapena ayi.

Kwa zaka zambiri dzina lokha limene ndinali nalo la vutoli linali kususuka, ndipo ndi dzina loluma kwambiri kwa munthu wa matenda a shuga, amene aliyense amamuyang'ana m'mbale. Tsiku limene ndinamva kuti madokotala amalitchula kuti binge eating disorder, kuti dokotala wa matenda a maganizo Albert Stunkard analifotokoza kale mu 1959, ndiponso kuti bungwe la American Psychiatric Association linalivomereza ngati matenda apaokha mu 2013, ndinalira ndili m'chipinda chopimira. Zizindikiro zake anandiwerengera ngati akuwerenga kope langa: kudya chakudya chochuluka kwambiri pa nthawi yochepa ukumva kuti sungathe kusiya, kudya mothamanga, kudya wopanda njala, kudya mobisala chifukwa cha manyazi, kunyansidwa nawe wekha pambuyo pake, ndipo zimenezi zikuchitika kosachepera kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu.

Chimene chimandivuta kufikira lero n'chakuti malangizo awiri amene ndiyenera kutsata amaoneka ngati akukokana. A shuga amati chepetsa zotsekemera, samala ndi mpunga ndi buledi woyera, yang'anira kukula kwa mbale. A vuto la kudya, makamaka njira imene Christopher Fairburn wa ku Oxford anakonza, amati yamba ndi kudya pa nthawi yake, katatu pa tsiku ndi tizakudya tapakati kawiri kapena katatu, osalola kuti padutse maola oposa anayi, ndipo usakhale ndi mndandanda wa zakudya zoletsedwa, chifukwa chakudya choletsedwa ukangochilawa umamva kuti mpanda wonse wagwa. Poyamba ndinkaganiza kuti ndiyenera kusankha mbali imodzi, ndipo ndinkasankha ya shuga chifukwa ndiyo ili ndi nambala zoopsa, ndiyo imakhudza maso, impso ndi mapazi. Ndinayesa kusiyiratu zakudya zonse zopatsa mphamvu. Kwa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi nambala zinkakhala zokongola, kenaka pankabwera usiku umodzi umene unkafafaniza zonse, ndipo HbA1c, amene amaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, sankatsika. Pali anthu amene kadyedwe kotero kamawayendera bwino, ndipo sindikuwatsutsa. Kwa ine, amene ndili ndi mavuto awiri m'thupi limodzi, lamulo lokhwima kwambiri lakhala likundikwezera shuga kuposa mpunga umene ndinkauthawa.

Choncho nkhomaliro ya lero ndinadya 12 koloko itangopitirira, ndipo ndinauza anzanga kuti msonkhano ukatalikanso ndituluka. Theka la mbale linali la masamba, gawo limodzi mwa anayi linali la nkhuku, ndipo gawo lotsala linali la mpunga wosakaniza ndi nyemba. Ndinayamba ndi masamba ndi nkhuku, mpunga ndinamalizira, chifukwa zakudya zomanga thupi ndi zamasamba zikatsogola, shuga wa mumpunga salowa m'magazi mothamanga kwambiri. Nditatha ndinayenda mphindi 15, popeza minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi. Patatha maola awiri ndinapeza 8.6, pansi pa 10.0 amene ndinauzidwa kuti ndisamapitirire ndikadya.

Mayeso enieni anabwera 4 koloko, ola lomwe lija la dzulo. Mnzathu wina anabweretsa keke ku ofesi, ndipo pamene mbale inkayenda ndinamva njira ziwiri zakale zikundiitana. Yoyamba ndi yokana pamaso pa anthu, kulandira mawu oyamikira akuti mayi awa ndi odziletsa, n'kumaganizira kekeyo mpaka usiku. Yachiwiri ndi yotenga, n'kunena mumtima kuti poti ndayamba, ndingomaliza. Sindinatsate iliyonse. Ndinadya kaye yogati ndi mtedza zimene ndinabwera nazo, kenaka ndinatenga kachidutswa kakang'ono, ndinakhala pansi pakati pa anzanga, ndipo ndinakadya pang'onopang'ono anthu akuona. Mmodzi anafunsa kuti, "Kodi mayi, a shuga amaloledwa zimenezi?" Funsolo linandibaya, koma ndinayankha modekha kuti ndinakambirana ndi adokotala ndipo ndikudziwa muyeso wake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kachidutswa aka ndinakamva kukoma kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zimene chigawo chachikulu cha dzulo sichinandipatse. Nambala yotsatira inali 9.7, yokwera ndithu koma yosadumpha mzere.

Madzulo, ana atapita kukagona, ndinachita chinthu chimene chinali chovuta kuposa zonse za lero. Ndinati kwa amuna anga, "Bambo, keke ya ana ija ndinadya ndine usiku." Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndinaona mbale m'mawa, mayi, koma ndinaopa kukufunsani kuti ndingakupwetekeni mtima. Ndiyambenso kubisa mabisiketi?" Ndinawapempha kuti asatero. Chaka chatha ankakhoma kabati ndi mtima wabwino, koma kiyi ameneyo ankandichititsa kumva ngati mbala m'nyumba mwanga, ndipo ndinkangogula zina panjira n'kudyera kobisika. Ndinawapempha zinthu zina ziwiri: kuti azikhala nane patebulo 9 koloko ndikamadya kachakudya kanga komaliza, ndiponso kuti akandiona ndikudya masamba okha madzulo asamandiyamikire, koma azindifunsa ngati masana ndinadya. Anavomera, ndipo usiku uno tinakhala limodzi, ine ndi apulo ndi kachidutswa ka tchizi, iwo ndi tiyi.

Chilakolako chija chinabwerabe 10 koloko itadutsa, monga mlendo amene anazolowera khomo. Ndinayeza kaye kuti ndidziwe ngati ndi shuga wotsika, chifukwa njala imeneyo ndi yofunika kuiyankha msanga, ndipo ndinapeza 7.9. M'mimba munalibe njala. Chimene chinalipo ndi kutopa, manyazi a dzulo amene sanathe, ndi funso lija la ku ofesi limene linkabwererabe m'mutu. Ndinalemba zitatuzi m'kope, ndinayang'ana wotchi, ndipo ndinapinda zovala zimene zinali pampando ndikudikira. Chinakula kwa mphindi pafupifupi khumi, mpaka miyendo inkafuna kunyamuka yokha kulowera kukhitchini, kenaka chinayamba kuphwa, ndipo pofika mphindi 25 chinali chitatsala pang'ono chabe. Si usiku uliwonse umene chimaphwa chotere, ndipo sindikudzinamiza kuti chapita.

HbA1c wanga womaliza anali 7.8 peresenti, pamene tikufuna kuti afike pansi pa 7, ndipo kwatsala masabata atatu kuti ndikayezetsenso. Pa tsamba lomaliza la kope ndalemba zoti ndikawauze adokotala: kuti shuga wanditsikira kawiri mwezi uno, kuti nthawi zonse ziwirizo usiku wake ndinalephera kusiya kudya, ndi kuti ndikufuna tikambirane ngati mlingo wa gliclazide kapena mtundu wa mankhwala ungasinthidwe, chifukwa zimenezo sindingazisinthe ndekha. Ulendo wapitawu ndinabisa za usiku, ndinangoonetsa nambala za m'mawa, ndipo iwo anaganiza zowonjezera mankhwala chifukwa sankadziwa chimene chinkazikweza. Ulendo uno ndikatenga kope lonse, ndi tsamba la dzulo lomwe. Nkhomaliro ya mawa ndaika kale m'kabokosi mufiriji, timapiritsi ta shuga wa gulukosi ndaika m'chikwama, ndipo foni ndaitchera kuti ilire 12 koloko masana.