Amalume anasiya kusewera bawo

Amalume anga anagwira ntchito ya usilikali zaka zoposa 20, ndipo anali m'gulu la asilikali a dziko lino amene anatumizidwa ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kukalondera njanji ya ku Nacala, nthawi imene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itafika poipa. Atapuma pa ntchito anabwerera kuno ku Mulanje kudzakhala pachikamwini, m'mudzi umene ankangofikamo pa tchuthi, ndipo anapeza ntchito ya ulonda pa esiteti ina ya tiyi. Ankachezera usiku ali okha, masana n'kumagona pamene anthu anzawo ali kudimba kapena kumsika.

Chimene chinkawatulutsa m'nyumba chinali bawo. Loweruka lililonse ankapalasa njinga kupita pa Chitakale kukakumana ndi mkulu wina amene anali naye limodzi ku Cobbe Barracks ku Zomba, komanso kunjanji kuja. Ndinawaonererapo kangapo, ndipo chinkandidabwitsa n'chakuti za nkhondo sankazitchula n'komwe. Ankangotafuna nzimbe, kunyozana pa masewerawo, ndi kuitanana ndi mayina a kubalaki amene ife sitinkawadziwa, koma amalume ankabwerako nkhope ili yowala.

Mkuluyo anamwalira chaka chatha. Kuchokera pamenepo amalume anayamba kudya pang'ono, tulo tinawathawa ngakhale masana, wailesi anaitseka, ndipo kumaliro ndi kutchalitchi anasiya kupita. Pakhomo sipasowa anthu, pakuti pali akazi awo, ana ndi zidzukulu, motero achibale ambiri anakana zoti munthu wotero angasungulumwe. Ena anati ndi ukalamba, ena anati ndi kunyada kwa asilikali, ndipo panapezekanso woloza chala anthu oyandikana nawo. Ine ndikuona kuti anthu onsewa amawadziwa amalume ngati bambo kapena agogo, pamene malemu aja anali munthu yekhayo wodziwa zimene maso awo anaona, amene sankafunika kumufotokozera kanthu.

Titawatengera kuchipatala, dokotala anatiuza kuti ndi matenda okhumudwa, kuti amachizika ndi uphungu komanso mankhwala, ndiponso kuti si misala monga tinkaopera pomva dzina la chipatala cha ku Zomba. Amalume anavomera movutikira, chifukwa munthu amene anaphunzitsidwa kuti msilikali sadandaula savomera msanga kuti mtima ukumupweteka.

Mwezi wa Novembala uliwonse timaona atsogoleri akuika nkhata zamaluwa pa chipilala cha asilikali ku Zomba, koma ndikukayika ngati mwambowu umafika pakhonde la mlonda wa kuno kwathu. Panopa ndimapita kwa amalume Loweruka ndi thabwa la bawo, ngakhale kuti sindidziwa bwino kusewera. Sabata yatha atandidya kachitatu, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe ukanakumana ndi malemu uja, sukanatsala ndi nkhomo ngakhale imodzi." Aka kanali koyamba kumutchula chimwalirireni.