Masamu a zitsekerero anandiyalutsa pamaso pa apongozi

Ine ndi mkamwini, ndiyambire pamenepo kuti mumvetse kukula kwa ngozi yomwe ndinakumana nayo. Kwathu ndi ku Dowa koma ndinakwatira kuno ku Kasungu chakufupi ndi Chinkhoma, ndipo nyumba yanga ndi ya apongozi zangotalikirana ngati pano ndi apo, akatsokomola usiku timamva, ife tikakazinga mazira iwo amadziwa.

Nkhani inayamba mwana wathu woyamba, timangomuti Mami, atalowa sitandade 1 ali ndi zaka 6. Potseka teremu yoyamba aphunzitsi anauza makolo kuti ana aziphunziranso kunyumba olo kanthawi kochepa patsiku, kuwaonetsa mabuku, kuimba nawo a e i o u, kuwerengetsa tinthu ta pakhomo, poti mkalasimo ana ali thithithi ndiye mphunzitsi mmodzi sangafikire aliyense. Mayi akunyumba anabwera nawo uthengawo nkungoutula pamiyendo panga. Akuti "abambo, inu si mumanena daily kuti munafika fomu 2, ntchito yanu ija yapezeka."

Sindinakane ayi, ndinachita kunyada. Ine sukulu ndinayamba 1994, chaka chomwe pulayimale inakhala yaulere, tinalowa chigulu mpaka kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango, kulemba kwake pa dothi ndi chala, mvula ikangoti waa basi weruka. Buku limodzi tinkaunjikirana anthu asanu ndi mmodzi, ine nthawi zonse ndimapezeka kumbali yozondoka moti mpaka lero nyuzipepala yozondoka ndimawerenga bwinobwino. Ndiye ndinati wanga yekha ayi, akhala ndi mabuku akeake.

Tsiku lomwe ndinapita ku boma kukagula feteleza wobereketsa ndinadzera kumsika kwa mkulu wina amene amayala mabuku akaunjika pansi, ndinasankha atatu mongoona zithunzi chifukwa minibasi imandithawa. Kufika kunyumba kuwatsegula bwino, limodzi lachingerezi, bho. Lachiwiri linayambira pa peji 9, kumayambiriro konse wina anakulungira kale zitumbuwa. Lachitatu ndiye aaa, chilankhulo chake kaya ncha kuti, zilembo zina zili ndi timadontho tiwiri pamutu ngati zatuluka chikuku, mawu amodzi kutalika kwake ngati sitima. Ndiye mwa mabuku onsewo ana anakonda limenelolo, chifukwa munali chinyama choyera chachikulu chitaima pa ayisi.

Nanga bambo angauze ana ake kuti sindikudziwa? Ndinakhala pamphasa, Mami uku, mng'ono wake Juni wa zaka 3 pamwendo, chala changa chikuyenda mmunsi mwa mawu ngati munthu akuwerengadi, ine nkumapeka. Uyu ndi galu wa azungu, ananenepa chifukwa chodya mkute, apa akupita kuchigayo, apa wakumana ndi nsomba yamufunsa kuti mwadzuka bwanji achimwene. Ana kusangalala, Juni kumangoti bwerezaninso, bwerezaninso. Vuto linabwera mawa lake poti ine ndinali nditaiwala zonse, ndinangoti galu uja akupita kumaliro. Mami anandiyang'ana kumaso nkuti "adadi mukunama, dzulo munati akupita kuchigayo." Ndinati eya amadzera kaye kumaliro. Akuti nanga thumba la chimanga walisiya kuti? Pamenepo mpomwe ndikanazindikira kuti kamwanaka sikaiwala kanthu, koma ine ndi uchitsiru wanga ndinangoti mwana wanga ndi wanzeru watengera ine.

Lachingerezi lija munali njovu ikusewera ndi ana ikumwetulira, Mami analikana kuti ndi labodza. Nanga si kuno chibwerere njovu 263 zija anazichotsa ku Liwonde kudzazisiya ku paki yathu ya Kasungu mu 2022, nkhani za njovu kulowa mminda sizitha pakamwa pa agogo ake, ndiye iye amadziwa kuti njovu ndi chinthu chothawa osati chokwera pamsana.

Zilembo zinayenda bwino ndithu, ba be bi bo bu timalemba ndi makala pa katoni, nthawi zina pansi ndi kamtengo, B ngati beseni, M ngati mphika, Juni naye kumangotsatira mmbuyo ngati kwaya. Pomwe panavuta mpa masamu, tiwerengere chiyani. Tinayamba ndi mtedza wotsala pobzala, kuchotsera anakudziwa tsiku lomwelo, ndimati ndikayika khumi kutembenuka kwatsala itatu masaya ali tutuma. Tinayesa chimanga, nkhuku za apongozi zinalowa mkalasi popanda kulembetsa. Miyala Juni anagenda nayo mlongo wake pachipumi. Kenako ndinakumbukira nthawi yathu, tinkaboola zitsekerero za mabotolo ndi msomali nkuzitunga pa chingwe kumapita nazo kusukulu zili lende mkhosi. Ndinati basi yankho ndi limeneli, ndipo zitsekererozo ndinali nazo kale.

Apa ndiulule, poti zinaululika kale. Chaka chapitacho nditagulitsa fodya ku okushoni ndinachedwa kufika pakhomo ndi masiku atatu, ndalama zinafika zitaonda. Panakhala bwalo, ankhoswe, malume a mayi akunyumba amene ndi mwini mbumba anachita kuchokera ku Santhe, ndipo ine ndinalumbira pamaso pa onse kuti mowa ndasiya, botolo ndikaligwiranso mundithamangitse pamudzi pano. Ndipo kunena zoona ndinasiyadi wa kubala uja. Kungoti mwa apo ndi apo, thupi likawawa ndi kupalira, ndimagula kagirini kamodzi kapena tiwiri nkukamwera kuseri kwa chigafa madzulo, botolo ndimabweza kugolosale mmawa ndili pa njinga. Chitsekerero chokha ndi chomwe chimandisowetsa mtendere, kutaya pansi mayi akunyumba achipeza posesa, ndiye ndinkaponya mchitini chakale cha penti nkuvundikira mapesi.

Taonani nzeru za munthu wa fomu 2. Ndinapita kugolosale kukatola za Fanta ndi za Coke zodzadza dzanja, nkusakaniza ndi zanga zija kuti zisaoneke, ndinazitsuka bwinobwino nkubwera nazo ngati zonse ndatola pamsewu. Mayi akunyumba mpaka anandiyamika, akuti koma abambo mwadzipereka. Ndipo masamu anayenda ngati madzi, sabata ziwiri zokha Mami anali akufika 50, kuunjika milu ya khumikhumi, kuphatikiza, kuchotsera. Ine mtima mmwamba, kubawo anzanga anatopa nane.

Ndiye satana anandinong'oneza kuti onjezera sewero lina, kusankha mitundu. Zaolenji uku, zofiira uku, zagirini uko, kenako tiwerenge mulu uliwonse. Ndinayambitsa ndekha ameneyo, palibe anandituma. Chitini chija ana akatha kusewera ndimakachibweza kuseri kwa chigafa, ndipo tsiku lomwe thupi lawawa ndimaponyamo chatsopano osaganiza nkomwe kuti pali munthu wina pakhomo pano amene akusunga kaundula mmutu. Komanso Juni anali ndi chizolowezi chonditsatira kulikonse ali chete ngati mphaka, ine nkumati mwana wa zaka 3 angadziwe chiyani.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi malume aja anatulukira kuchokera ku Santhe kudzaona mbumba. Tinapha nkhuku, tinadya, tinakhala pansi pa mtengo pabwalo, malume pampando wandalema, ine pa kampando kanga chapatali pang'ono mwaulemu, apongozi ndi mayi akunyumba pamphasa akusenda nyemba, panalinso mkulu wa mpingo wina amene anangodzera kudzapereka moni koma atamva fungo la nkhuku anakhazikika. Nkhani zinali bwinobwino za mvula ndi mitengo ya feteleza. Palibe anafunsa za sukulu. Ndine ndemwe ndinatsegula pakamwa panga.

"Malume, mdzukulu wanuyu masiku ano ndi katswiri pa masamu. Mami, tathamanga ukatenge chitini chija uwaonetse agogo."

Kamwana kanathamanga, ndipo mmene ndinaona kuti kalunjika kuseri kwa chigafa pamaso pa anthu onse mmimba munangoti juu, koma ndinadzilimbitsa mtima. Kanabwera nkukhuthula pansi khuthu, kanagwada bwinobwino nkuyamba kusankha monga ndinakaphunzitsira. Zaolenji 12. Onse mmanja. Zofiira 9. Mmanja. Kenako kanayamba mulu wachitatu, khumi, khumi ena, khumi enanso, malume akugwedeza mutu mokondwa, ine thukuta layamba kutsika mmsana ngakhale kunali kamphepo. Zagirini 47.

Malume anatola chimodzi nkuchitembenuza, anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene chitsekerero chimafunikira kuyang'anidwa. Anafunsa mosekaseka, "nanga zagirinizi zachuluka bwanji, mdzukulu wanga?"

Ine ndinalumphira, "nzotola malume, pamsewu wa M1 pamadutsa anthu osiyanasiyana."

Mami anandiyang'ana ndi maso omwe aja a galu wa kuchigayo. "Ayi agogo, zotola ndi za Fanta ndi za Coke, izo sizichuluka. Zagirinizi ndi za adadi, zimachuluka zokha kuseri kwa chigafa. Lachisanu zinali 45, lero zili 47. Ndiye 47 kuchotsa 45 yatsala 2."

Pabwalo panangoti zii. Nyemba zinasiya kusendedwa. Ndipo ndisanapeze bodza lina Juni anaimirira, anatola chitsononkho nkuchiika pakona pa kamwa ngati akutsegula ndi mano, nkuti "adadi amatele, psss," anapendeketsa mutu kumbuyo, kho kho kho, kenako "aaaah," nkupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, mpaka kuyang'ana uku ndi uku ngati mmene ndimachitira poona ngati kukubwera munthu. Mwana amene mpaka pano satha kunena dzina lake bwinobwino koma sewero limenelo sanaphonye olo pamodzi.

Mkulu wa mpingo uja mwadzidzidzi anakumbukira kuti ali ndi odwala oti akawaone. Malume anaomba mmanja pang'onopang'ono nkuti "masamu akhoza mwanayu, 47 kuchotsa 45 ndi 2 ndithu, aphunzitsi ake ndi odziwa ntchito." Apongozi, poti mwamwambo salankhula nane maso ndi maso, anakoka chitenje kutseka pakamwa, mapewa okha akugwedezeka, kaya amalira kaya amaseka, kenako anauza mwana wawo mokweza kuti ndimve, "uwafunse abambowo ngati chigafacho chimabala chaka chonse, tingadzabzaleko nafenso."

Mayi akunyumba sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangosonkhanitsa zagirini zonse mmbale ya nyemba ija nkunena mofatsa, "Mami sanafike pa kuchulukitsa koma ine ndinafika. Botolo limodzi ndi ndalama zingati abambo?" Ndinatchula mtengo wa chaka chatha kuti zichepeko, malume anandikonza pompo, kaya iwo anaudziwa bwanji mtengo watsopano koma sinali nthawi yoti ine ndifunse mafunso. Atawonkhetsa zinapezeka kuti ndinamwa yunifomu ya Mami, nsapato zake, ndi malata awiri a khitchini yomwe ndakhala ndikunena kuti ndalama zake sizikupezeka.

Sanandithamangitse, mwina poti fodya anali asanathyoledwe. Koma chitini chinasamuka, pano chimakhala pamwamba pa kabati pabalaza, ndipo madzulo alionse tikatha kuwerenga za galu wa azungu uja, amene panopa ulendo wake wa kuchigayo ndinauloweza, mayi akunyumba amatsitsa chitini kuti mwana asaiwale masamu. 12, 9, 47. Miyezi iwiri yathunthu 47, ndipo ine ndinasiyadi zenizeni, kuseri kwa chigafa ndimangopitako pa ntchito basi.

Ndiye Lamulungu lapitali tikuchokera kutchalitchi Juni anatola kanthu mmbali mwa msewu nkundipatsa kuti ndimusungire, ana amatola zambiri ndiye ine osayang'ana ndinangoponya mthumba la jekete. Kufika kunyumba anapisa yekha mthumbamo nkuthamanga nako. Madzulo chitini chatsika, Mami wagwada, khumi, khumi, khumi, khumi, kenako anaima nkuwerenganso kachiwiri kuti atsimikize. 48.

Ndinalumbira, ndinafotokoza za kumsewu, ndinati mboni yanga ilipo, Juni tawauza amayi ako chitsekererochi wachitenga kuti. Mwana anandiloza ndi chala nkuti "mthumba mwa adadi."

Malume akuti afika Loweruka.