Block ndi CD ya MRI: musachoke m'chipatala musanazitenge

Achimwene anga anachitidwa opaleshoni ya chotupa cha mu ubongo, kenaka radiyeshoni pamodzi ndi makapisozi a temozolomide, omwe kuyambira 2005 ndiwo amayambirira kuperekedwa pa khansa yotchedwa glioblastoma. Mutu utayambanso kuwawa, dzanja lamanzere n'kumagwetsa kapu, sikani inaonetsa kuti chotupa chaphukanso. Adokotala anati mankhwala aja asiya kugwira, tiganizire zophatikiza mitundu iwiri. Za kalata yotumizira, mizere ya m'mawa ndi basi ya usiku yodutsa mu nkhungu ya ku Chikangawa, anthu a ku Mzuzu kuno mukuzidziwa kale.

Chimene palibe anatiuza ndi ichi. Kanyama kamene amadula pa opaleshoni sakataya, amakaumitsa mu phula n'kukasunga ku labu. Iwo amakatcha block. Popanda kameneka dokotala wa khansa sangasankhe bwino zophatikiza, chifukwa zotupa za mu ubongo sizifanana. Chikakhala mtundu wa oligodendroglioma, chokhala ndi zizindikiro zotchedwa IDH ndi 1p/19q, pali mankhwala atatu oyendera limodzi: procarbazine, lomustine ndi vincristine, mwachidule PCV. Chikakhala glioblastoma amayang'ananso MGMT, yomwe imakonza zimene kemo (mankhwala a khansa aja) waononga m'maselo a chotupa. Ikakhala yamphamvu, temozolomide amangokhala ngati ukutunga madzi ndi lichero.

Ndiye adokotala anati kabweretseni block, tikatumize kunja akakayeze. Apa ndi pamene ndinapsa mtima. Chipatalacho sinditchula. Ndinafika pakhomo la labu kusanatsegulidwe, ndili ndi buku la kuchipatala la achimwene. Mtsikana wa pawindo anati wosunga kiyi wa chipinda cha mablock wapita ku wekishopu kunyanja. Wina anati ayi kiyi alipo, koma mukhale ndi kalata yodindidwa. Ku ofesi ya chidindo, pakhomo papachikidwa jekete, mwini wake kulibe. Atabwera masana anati kalipireni kaye. Kwa kashiya akufuna nambala ya fomu, nambalayo imaperekedwa ku labu komwe kuja, ndipo labu yatseka. Ndalamayo si yochuluka ayi, koma tsiku lonse linathera pa benchi, alamu akungoimba foni kuchokera ku Chibavi: “Achimwene anu akomokanso, mwafika pati?” Ndiwayankhe chiyani? Block inadzapezeka m'kabokosi kolembedwa dzina lolakwika chilembo chimodzi, ndipo amene anaipeza ndi bambo wina wachikulire wokolopa m'kolido, amene anangoti, “Tabwerani kuno mwanawe, tione limodzi.”

Tengani nambala ya block tsiku lomwe lipoti latuluka. Ilembeni pachikuto cha buku la kuchipatala. CD ya zithunzi za sikani ya MRI nayonso, yoyamba ndi yachiwiri yomwe, chifukwa dokotala amafuna kuziyerekeza. Pepala la lipoti lokha silimukwanira.

Ndaiwala kunena za dexamethasone, amene amachepetsa kutupa kwa ubongo. Amakweza shuga, amatupitsa nkhope, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Gulani kamakina koyezera shuga msanga.

Zotsatira zitabwera, anati ndi glioblastoma ndithu, n'kutchula lomustine pamodzi ndi bevacizumab. Ndimawalemekeza adokotala amenewo chifukwa sanatinamize. Anatiuza za kafukufuku wa ku Europe wofalitsidwa mu 2017, wa odwala 437: ophatikiza awiriwa chotupa chinakhala chete miyezi 4.2, a lomustine yekha miyezi 1.5, koma kutalika kwa moyo kunali pafupifupi chimodzimodzi, miyezi 9.1 ndi 8.6. Ndiye funsani poyera musanagulitse munda kapena galimoto. Ife tinavomera chifukwa bevacizumab amachepetsa kutupa, ndipo achimwene ankafuna kuchepetsako dexamethasone uja kuti azitha kuyenda okha kukafika ku tchalitchi.

Mankhwala ochokera kunja amafuna chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, ndiye ndi bwino kudzera ku famase yovomerezeka kusiyana ndi kutuma wachibale wa ku Joni kuti aike m'chikwama. Bevacizumab ndi wa diripu ndipo amayenera kukhala pozizira, madigiri 2 mpaka 8. Akatentha panjira, ndalama zapsa. Za ndalama zakunja ku banki ndisayambe, mitsempha ingandidukire. Pitani ndi invoisi, kalata ya dokotala ndi makope ambirimbiri a chiphaso cha unzika.

Lomustine amamwa kamodzi kokha pa masabata 6. Zimaoneka zophweka, koma vuto lake limabwera mochedwa: cha mu sabata yachinayi kapena yachisanu mapulateleti, amene amathandiza magazi kuundana, amatsika kwambiri. Nkhama zikayamba kutuluka magazi potsuka mkamwa, kapena timadontho tofiira tikaoneka m'miyendo, thamangani, musadikire tsiku la kiliniki. Magaziwo, BP ndi mkodzo timayezetsa konkuno ku Mzuzu n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp, m'malo mogubuduza wodwala pa M1 kudutsa Jenda ndi Kasungu chifukwa cha kapepala kamodzi. Pemphani nambala ya namwino wa ku wodi ya khansa, ndi amene amayankha.

Block ikabwerako kunja musaibweze ku labu popanda kulembetsa m'buku lawo, ndipo mujambule tsambalo ndi foni. Yathu ili m'kabati ya alamu, mu envulopu limodzi ndi ma CD.