Anandiwombera galu pa khomo panga

Nkhaniyi yatha Lachisanu lapitali, patatha miyezi inayi ndikuyendera. Pa nthawi ya lamulo lomanga agalu chifukwa cha chiwewe, anthu owombera agalu oyendayenda anapha galu wanga ali mkati mwa mpanda, unyolo uli m'khosi. Ndinali kuntchito, mwana ndiye anandiimbira akulira.

Zikakuchitikirani, musathamangire kukwirira galuyo. Jambulani kaye pa foni: pomwe wagwera, unyolo, geti, magazi. Ine ndinajambula chifukwa mlamu wanga anandikakamiza, apo ayi ndikanangokumba dzenje. Ndipo khadi la katemera musalitaye. Langa linali m'Baibulo, lopindika, koma chidindo cha a ziweto chikuoneka.

Galu woyendayenda pa nthawi ya lamuloli akaphedwa, mulibe chonena. Koma wanga anali womangidwa, wobayidwa katemera. Gawo 28 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa, ndipo galu ndi katundu ngati mbuzi kapena njinga. Ndi zimene ndinalemba m'kalata yanga yodandaula.

Kalatayo ndiyo inandidyera tsiku lonse! Ndinafika pa ofesi yomwe inatuma owombera aja 8 koloko. Wa pakhomo akuti pitani m'mwamba, a m'mwamba akuti ndi nkhani ya azaumoyo, azaumoyo akuti bwana ali ku semina kunyanja. Ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, osadya. Mayi wina atatuluka anati, "Bambo, zonsezi chifukwa cha galu?" Anthu pa mzere kuseka. Ndinabwerera ndi kalata yanga m'manja, ndalama ya minibasi yapita.

Ndaiwala, ndinayamba ndapita ku polisi kukatenga lipoti, ndipo aneba awiri analemba umboni woti galuyo sanatuluke. Apezeni tsiku lomwelo, pakapita sabata amayamba kuopa.

Ulendo wachitatu kalata inalandiridwa, koma ndinakana kuchoka mpaka atadinda pa kope langa ndi kulemba tsiku. Popanda chidindocho adzakuuzani kuti kalata sinafike. Miyezi iwiri, zii. Kenako ndinakadandaula ku ofesi ya Ombudsman, yomva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma, komwe sindinalipire kanthu, ndipo aja anali ku semina anandiimbira okha.

Anapepesa, anandipatsa kangachepe kosakwana ngakhale zomwe ndinawononga poyenda. Ndinalandira. Kagalu katsopano kabayidwa kale katemera, khadi lake ndalijambula pa foni, lenilenilo lili m'Baibulo muja.