Kuthandiza odwala ululu wamgonagona: maphunziro ake, zida zake ndi kafukufuku amene akusowekabe

Ululu ukapitirira miyezi itatu, nthawi zambiri umakhala utasiya kukhala chizindikiro chabe cha matenda ena. Bala linapola kalekale, X-ray sikuonetsa chachilendo, koma munthu sagona ndipo ntchito anasiya. M'ndandanda wa matenda wa bungwe la WHO wotchedwa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, ululu wamgonagona unapatsidwa malo akeake. Ndikulembera ophunzira zaudokotala, anamwino, a mafizo ndi mainjiniya amene akuganiza zolowa ntchito imeneyi, makamaka mbali yake yotchedwa neuromodulation, imene ndi kusintha kagwiridwe ntchito ka minyewa ndi magetsi, maginito kapena mankhwala ofikitsidwa pamalo penipeni.

Amene anayala maziko a ntchitoyi ndi John Bonica, dokotala wa ku America wogonetsa odwala pa opaleshoni, yemwe anasamalira asilikali ovulala pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Iye anaona kuti dokotala mmodzi sangathane ndi ululu wotere payekha, choncho ku yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle anasonkhanitsa akatswiri osiyanasiyana kuti aziona wodwala mmodzi pamodzi. Msonkhano umene anaitanitsa mu 1973 ndi umene unabala bungwe lapadziko lonse lofufuza za ululu lotchedwa IASP. Mpaka lero chipatala chabwino cha ululu chimakhala ndi dokotala, namwino, wa mafizo, katswiri wa zamaganizo ndi wa zamankhwala.

Njira yolowera imasiyana malinga ndi dziko. Ku America munthu akamaliza zaka zinayi za sukulu yaudokotala amachita zaka zinanso zinayi za ukatswiri, kawirikawiri pa zogonetsa odwala, ngakhale ena amadzera ku za minyewa, za maganizo kapena zobwezeretsa mphamvu m'thupi. Kenako amawonjezera chaka chimodzi chophunzira za ululu zokhazokha. Ku Britain ambiri amadzera ku zogonetsa odwala, ndipo Faculty of Pain Medicine, imene inakhazikitsidwa mu 2007 pansi pa Royal College of Anaesthetists, ndiyo imayang'anira maphunzirowa. Ku Australia ndi New Zealand nthambi yofanana nayo inayamba mu 1998 ndipo imalandira madokotala ochokera ku maukatswiri angapo. Madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi msana nawonso ali ndi gawo lawo, poti ndiwo amaika mumsana mawaya a magetsi athyathyathya amene amafuna kuchotsako kafupa ka msana. Chaka chimodzi chija n'chochepa. Chimakwana kuphunzitsa dzanja kugwira singano, koma kudziwa amene sayenera kubayidwa kumatenga nthawi yaitali.

Luso loyamba ndi kusiyanitsa mitundu ya ululu. Pali wochokera m'chiwalo chovulala kapena chotupa, monga bondo la nyamakazi. Pali wochokera mumtsempha weniweniwo utawonongeka: wodwala amati kukuotcha, kukubaya ngati magetsi, kapena nsalu ikangokhudza khungu amalumpha. Ndiye pali mtundu wachitatu, umene IASP inaupatsa dzina lakuti nociplastic mu 2017, pomwe palibe chovulala chooneka koma kamvedwe ka ululu m'thupi kasokonekera, monga pa fibromyalgia, matenda omva kuwawa thupi lonse. Makina a magetsi a mumsana, amene amaikidwa m'thupi kuti achepetse ululu potumiza magetsi ku mtsempha waukulu wa mumsana, anapangidwira makamaka mtundu wachiwiri. Kuwaika mwa munthu wa mtundu wachitatu ndiko kumabweretsa zokhumudwitsa zambiri.

Maganizo a makinawa anachokera pa zimene Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafalitsa mu 1965. Iwo anati mumtsempha waukulu wa mumsana muli ngati chipata: minyewa ikuluikulu yonyamula uthenga wa kukhudza ikamagwira ntchito, imatsekereza uthenga wa ululu wodzera m'minyewa ing'onoing'ono. N'chifukwa chake munthu akagunda chigongono amachisisita. Patangopita zaka ziwiri, mu 1967, Norman Shealy anaika makina oyamba otere mwa wodwala khansa.

Masiku ano ntchitoyi imachitika pawiri. Poyamba ndi kuyesa. Wodwala amagona chafufumimba, ali maso kapena ataledzeretsedwa pang'ono kuti azitha kuyankha. Dokotala amalowetsa singano ya Tuohy ya geji 14 mopendeketsa, cha pamfundo za kumunsi kwa msana zotchedwa T12 mpaka L2, akuyang'ana pa makina a X-ray oonetsa pompopompo. Amadziwa kuti wafika mu epidural, kampata kamene kali kunja kwa chikopa chokuta mtsempha wa msana, pamene sirinji yasiya mwadzidzidzi kulimba. Mu singanomo amadutsitsamo kawaya kofewa, kamene kawirikawiri kamakhala ndi timfundo tachitsulo 8, n'kukakweza mpaka cha pa T8 kufika T10 ngati ululu uli m'chiuno ndi m'miyendo. Chithunzi cha m'mbali n'chofunika kwambiri apa, chifukwa kawaya kakhoza kuzembera kutsogolo kwa mtsempha, kumene kamangokoka minofu m'malo mochepetsa ululu. Akayatsa magetsi, ogunda ka 40 mpaka 60 pa sekondi, wodwala amamva kunyerenyesa, ndipo cholinga n'chakuti kunyerenyesako kuphimbe malo onse opweteka. Amapita kunyumba ndi batire lakunja kwa masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Ululu ukatsika ndi theka kapena kuposerapo, amabwera kudzaikidwa makina okhazikika: kawaya kamasokereredwa ku mnofu wolimba wa pamsana, n'kudutsa pansi pa khungu kukafika pa batire limene limakhala m'kathumba cha pamwamba pa thako. Batire losatchaja limatha zaka ziwiri mpaka zisanu, lotchaja limafika pafupifupi zaka khumi, koma limafuna munthu amene adzakumbukira kulitchaja.

Chovuta chofala kwambiri ndi kusuntha kwa kawaya. Kakangoyenda mamilimita ochepa, kunyerenyesa kumachoka kumwendo n'kupita kunthiti kapena pamimba. Zimachitika kwambiri m'masabata oyambirira, zipsera zisanakagwire, n'chifukwa chake wodwala amaletsedwa kuwerama, kudzipotokola ndi kunyamula zolemera kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Dokotala amasiyanso kawayako kali kopindidwa pang'ono pafupi ndi posokerera kuti kasakokeke munthu akawerama. Chachiwiri ndi tizilombo, makamaka Staphylococcus aureus, tolowa m'kathumba ka batire. Tikamatirira pachitsulo, maantibayotiki okha sakwanitsa, ndipo nthawi zambiri makina onse amachotsedwa. Shuga wosalongosoka ndi fodya zimachedwetsa bala kupola, choncho zimenezi zimakonzedwa opaleshoni isanachitike. Singano ikapitirira n'kuboola chikopa cha mtsempha, madzi a mumsana amadontha ndipo mutu umapweteka koopsa munthu akaimirira, n'kuleka akagona. Choopsa kuposa zonse, ngakhale sichichitika kawirikawiri, ndi magazi oundana mu epidural amene amafinya mtsempha. Wodwala akayamba kufooka miyendo kapena kulephera kukodza, pamafunika kujambula mwamsanga ndi opaleshoni m'maola ochepa, apo ayi akhoza kulumala. Pofuna kupewa zimenezi, mankhwala oletsa magazi kuundana amasiyidwa opaleshoni isanachitike: warfarin masiku asanu ndipo clopidogrel masiku asanu ndi awiri, mogwirizana ndi dokotala amene anapereka mankhwalawo.

Palinso vuto lina limene silimveka kwambiri m'misonkhano. Makina amene anathandiza bwino chaka choyamba amatha kuzirala mphamvu, ndipo kusathandiza ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene anthu amachotsetsera makinawa. Namwino wodziwa kusintha mapulogalamu a makina ndi amene amaona zimenezi poyamba, ndipo kwa ine udindo wake ndi wolemera mofanana ndi wa dokotala woika kawaya. Chimodzimodzinso katswiri wa zamaganizo amene amaona wodwala asanayesedwe. Iye safufuza ngati munthu akunamizira. Amafufuza matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amene sanathandizidwe, kudalira mankhwala monga morphine, komanso chiyembekezo chakuti ululu udzatheratu, chimene makinawa sapereka.

Kwa amene mtima wawo uli pa kafukufuku, ntchito ilipo yambiri, ndipo chifukwa chake n'chakuti umboni wa makinawa sunakhazikike. Kafukufuku wotchedwa PROCESS wa mu 2007, wa odwala 100 amene ankamvabe ululu wa m'mwendo pambuyo pa opaleshoni ya msana, anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi 48 peresenti ya oikidwa makina ululu wawo unatsika ndi theka, pomwe mwa olandira chithandizo chanthawi zonse anali 9 peresenti. Zotsatira zokopa ndithu. Koma wodwala aliyense ankadziwa gulu limene ali, poti kunyerenyesa sikubisika, ndipo munthu amene wapirira opaleshoni n'kumamva makina akugwira ntchito amayembekezera kupeza bwino. Njira zatsopano zinasintha zimenezi. Makina a kampani ya Nevro, ovomerezedwa mu 2015 ndi FDA, bungwe la ku America loona za mankhwala ndi zida zachipatala, amagunda ka 10,000 pa sekondi ndipo wodwala samva kanthu. Njira ya burst, imene Dirk De Ridder anayambitsa, imatumiza magetsi m'timagulu ta kasanukasanu, ndipo nayonso nthawi zambiri simveka. Tsopano zinatheka kuzimitsa makina wodwala osadziwa. Ku Trondheim m'dziko la Norway anachita zimenezi pa odwala 50, kusinthanitsa miyezi itatu ya burst ndi miyezi itatu ya makina ozimitsa, ndipo zimene anafalitsa mu 2022 zinaonetsa kuti panalibe kusiyana kwenikweni pa mmene odwalawo ankathera kuchita ntchito zawo. Mu 2023 bungwe la Cochrane, limene limasanthula umboni wa makafukufuku a zaumoyo, litaunika makafukufuku 13 linati pa ululu wa m'chiuno umboni sukuonetsa phindu lokhalitsa loposa mtengo ndi zoopsa zake. Madokotala ambiri oika makinawa anatsutsa, ponena kuti magetsi ku Norway sanatcheredwe monga amachitira kuchipatala komanso kuti odwala sanasankhidwe bwino. Mfundo zawo n'zoyenera kumvedwa, koma yankho lake ndi kafukufuku wina wabwino, wosalipiridwa ndi kampani yogulitsa makinawo, wotsatira odwala kwa zaka zingapo.

Mainjiniya ali ndi mafunso awo. Mtunda wa pakati pa kawaya ndi mtsempha umasintha munthu akagona chagada, akatsokomola kapena akawerama, motero magetsi omwewo amakhala ochepa pano, kenako n'kumubaya. Makina a Evoke a kampani ya Saluda Medical amayeza mmene mtsempha wayankhira pa kugunda kulikonse n'kusintha mphamvu okha. Ena amaika kawaya pa kamfundo ka minyewa kotchedwa dorsal root ganglion, kamene kali potulukira mtsempha m'fupa la msana, ndipo njirayi imafika bwino malo ang'onoang'ono monga phazi kapena mphechepeche. Palinso njira zosang'amba thupi. Mu njira yotchedwa rTMS, koilo ya maginito imaikidwa pamutu pa mbali ya ubongo yoyendetsa ziwalo, kutsidya la kumene kukupweteka, ikugunda ka 10 mpaka 20 pa sekondi, koma mpumulo wake umatha m'masiku kapena masabata ndipo pamafunika kubwereza. Mu njira ina yotchedwa tDCS amadutsitsa pamutu magetsi ofooka, mamiliampu 1 mpaka 2 kwa mphindi 20, ndipo umboni wake ukadali wofooka.

Wofuna kulowa kafukufukuyu aphunzire msanga masamu a kafukufuku ndi kakonzedwe ka mayeso obisa gulu la wodwala, kuphatikizapo kufunsa odwala pamapeto kuti akuganiza anali gulu liti, poti apo ndi pamene pamadziwikira ngati kubisako kunathekadi. Aphunzirenso kuyeza zambiri kuposa nambala ya ululu ya 0 mpaka 10: mtunda umene munthu akuyenda, maola amene akugona, mlingo wa mankhwala amene akumwa, ngati wabwerera kuntchito, ndi chiwerengero cha amene anachotsetsa makina. Posankha kokaphunzira, funsani ngati malowo amalemba zotsatira za odwala onse, ndi amene kuyesa kunawakanika omwe, komanso ngati aphunzitsi ake amaulula ndalama zimene amalandira kuchokera ku makampani a zida.