Mkono wa Petra ndi akazi a m'mabuku a zithunzi a ku Spain

M'kalasi lathu la Chisipanishi chigawo chino tikuwerenga mabuku a nkhani za zithunzi, ndipo ine ndinasankha kutsata mmene akazi amaonekeramo. Ndinayambira m'magazini a atsikana a nthawi ya Franco, amene analamulira Spain kuchokera mu 1939 mpaka 1975. Nkhani za m'magazini ngati Azucena, yomwe inayamba kutuluka mu 1946, zimangoyenda njira imodzi: mtsikana wofatsa apirira mavuto, abwera mnyamata wachifumu kapena wachuma, ukwati, nkhani yathera pompo. Za m'banjamo sanena. Komatu nthawi imeneyo mkazi wokwatiwa sankatha kutsegula akaunti kubanki kapena kulowa ntchito popanda chilolezo cha mwamuna wake, mpaka lamulolo linachotsedwa mu 1975. Kuthetsa ukwati kunaloledwanso mu 1981.

Zimene magaziniwo ankabisa zikufukulidwa ndi ana ndi adzukulu a akazi aja.

Antonio Altarriba, mothandizana ndi wojambula wotchedwa Kim, anatulutsa El arte de volar mu 2009. Ndi mbiri ya bambo ake, amene anamenya nawo nkhondo ya pachiweniweni ya ku Spain kumbali yomwe inagonja kwa Franco, nadzadzipha ali okalamba mu 2001. Bukulo linapata mphoto yaikulu ya dziko ya mabuku a zithunzi mu 2010. Mayi ake alimo, koma ali kumbali: mkazi wokonda tchalitchi, wouma mtima, amene banja lake linazizira mpaka kutha. Ukawerenga umamvera chisoni bambo okha.

Mu 2016 anthu awiri omwewa anatulutsa El ala rota, mbiri ya mayiwo, Petra. Apa ndi pamene ndinaima nthawi yaitali. Petra ali gone m'chipatala, atatsala pang'ono kumwalira mu 1998, m'pamene mwana wake anadziwa kuti mkono wawo umodzi sunkatambasuka. Sizinayambe ndi matendawo ayi, zinali choncho chibadwire. Amayi a Petra anafa powabereka mu 1918, ndipo bambo awo, mutu utasokonezeka ndi chisoni, anafuna kupha khandalo, mkono n'kuthyoka. Ndi mkono womwewo Petra anachapa, kusita, kuphika, kugwira ntchito m'nyumba za eni ndi kulera mwana. Mwanayo anakula, n'kukhala mphunzitsi wa payunivesite, osaona kanthu. Pa nkhani ya chikondi, tsamba limeneli likunena zambiri kuposa maukwati onse a mu Azucena: munthu mutha kudya nsima ya m'manja mwake zaka makumi, manjawo osawayang'ana.

Ukabwerera ku zithunzi za Kim ukudziwa zimenezi, maso amangothamangira pamkonopo, kuona mmene Petra waupindira, mmene wanyamulira thireyi. Buku la mawu okhaokha likanangokuuza kamodzi. La zithunzi limakusiyira ntchito yoona wekha tsamba lililonse.

Komabe ndili ndi dandaulo. Petra anagwirapo ntchito m'nyumba ya mkulu wa asilikali, Juan Bautista Sánchez, amene ankafuna kuti ufumu ubwerere m'malo mwa Franco, ndipo masamba ambiri amapita ku ziwembu za akuluakulu a nkhondowa. Zimasangalatsa, sindikukana, koma mayi uja amabwereranso pakhomo, atanyamula khofi, amuna akukambirana za dziko. Mwina ndi mmenedi moyo wawo unalili. Mwinanso mlembi zinamuvuta kukhala nawo m'khitchini nthawi yaitali.

Ana Penyas sizinamuvute. Mu Estamos todas bien, la 2017, anajambula agogo ake aakazi awiri, Maruja ndi Herminia, ali okalamba, masiku akungofanana: kuphika, wailesi ya kanema, kudikira kuti wina abwere kudzacheza, kukumbukira zaka zimene anathera posamalira amuna ndi ana. Mulibe msilikali kapena chiwembu, ndipo samathamangira kuti china chachikulu chichitike. Mu 2018 Penyas anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ija ya dziko, imene inayamba kuperekedwa mu 2007.

Chisipanishi cha agogowa ndiye chandipatsa ntchito kuposa cha Altarriba. Amayankhula modukiza, chiganizo osachimaliza, ndipo mtanthauziramawu sathandiza kwenikweni. Pena ndimachita kuyang'ana nkhope ya gogoyo pachithunzi kuti ndidziwe ngati akuseka kapena akudandaula.