Independencia ikanapanda kugunda thanthwe ku Punta Gruesa

Nkhondo ya 1879 pakati pa Chile ndi mayiko a Peru ndi Bolivia inayambira pa msonkho. Mu 1878 Bolivia inaika masentavo 10 pa quintal iliyonse ya nitrate, mchere wa m'chipululu cha Atacama wopangira feteleza ndi wonga, womwe kampani ya ku Chile inkakumba ku Antofagasta. Pangano la 1874 linaletsa kukweza msonkho wotere kwa zaka 25. Pa 14 February 1879 asilikali a Chile analanda Antofagasta, ndipo Peru inakokedwa nayo chifukwa cha pangano lake lachinsinsi ndi Bolivia la 1873.

M'chipululumo mulibe madzi. Asilikali, akavalo, chakudya ngakhale migolo ya madzi akumwa zinkayenda pa sitima, choncho wolamulira nyanja ndiye anali mwini nkhondo. Bolivia inalibe sitima yankhondo ndi imodzi yomwe. Peru inkadalira ziwiri zokutidwa ndi chitsulo, Huáscar ndi Independencia. Chile nayo inali ndi ziwiri, Cochrane ndi Blanco Encalada, koma chitsulo chake chinkafika mainchesi 9 pomwe m'mbali mwa Huáscar munali mainchesi 4.5 okha.

Pa 21 May ku Iquique, Miguel Grau, woyendetsa Huáscar, anamiza Esmeralda, sitima ya Chile. Independencia inathamangitsa kasitima kamatabwa ka Chile kotchedwa Covadonga. Woyendetsa Covadonga, Carlos Condell, anadziwa kuti kasitima kake sikamira kwambiri m'madzi, ndiye anakapanikiza kugombe, pamadzi osaya. Juan Guillermo More, woyendetsa Independencia, anamutsatira kuti amugunde, koma anakhala pa thanthwe lobisika ku Punta Gruesa. Theka la mphamvu za Peru linathera pomwepo, chifukwa chofuna kasitima kosafunika n'komwe.

Tiyerekeze kuti More anaima pamadzi akuya n'kumangoomba mizinga. Grau ali yekha anazunza Chile miyezi yoposa inayi, ndipo pa 23 July anagwira sitima ya Chile ya Rímac itanyamula gulu lonse la asilikali apakavalo. Msampha umene unamugwira ku Angamos pa 8 October unatheka chifukwa sitima zazikulu za Chile zinali ndi nyama imodzi yokha yosaka: gulu lina linamuthamangitsira kumpoto, lina likumudikira kutsogolo. Pakanakhala adani awiri, imodzi mwa sitima zazikulu za Chile ikanayenera kumaperekeza sitima zonyamula asilikali, ndipo kutsitsa asilikali pafupifupi 10,000 ku Pisagua, pagombe la Peru, pa 2 November kukanachedwa, mwina mpaka 1880.

Kuchedwa ndiko kokha kumene ndikuvomera. Amene amati Peru ikanapambana amaiwala za chitsulo chija. Independencia sikanalimba pamaso pa Cochrane, makamaka Cochrane itakonzedwa ku Valparaíso n'kupalidwa zomera pansi pake kuti izithamanga. Ndalama zogulira sitima ina Peru inalibenso, popeza inasiya kubweza ngongole zake za kunja mu 1876.

Phindu la miyezi yowonjezerayo likanaonekera pa zokambirana. Nthawi imeneyo Chile inali isanamvane ndi Argentina za malire a Patagonia, nkhani imene inatha mu 1881, ndipo boma la ku Santiago silikanafuna nkhondo yaitali uku msana uli poyera. Pamsonkhano wa ku Arica mu October 1880, m'sitima ya ku America ya Lackawanna, Chile inafika itagwira kale Tarapacá, Tacna ndi Arica, ndiye inalibe chogonjera. Ikanafika ndi Antofagasta yokha, Peru ikanatha kupulumutsa chigawo chake cha Tarapacá ndi migodi yake ya nitrate, yomwe inapita ndi pangano la Ancón mu 1883.

Bolivia yokha ndiye sindikuiona ikupulumuka. Gombe lake linapita mu February ndi March 1879, Independencia ikadali yonse, ndipo ku Antofagasta anthu ambiri anali a ku Chile kale.